Pisitoni Yachinayi

Mng'ono wanga Kinji anafa Lachiwiri m'mawa, dzuwa likuwala bwinobwino, pa msewu wotsika phiri la Honzaka. Pisitoni inagwira m'silinda, tayala lakumbuyo linauma, njinga yamoto n'kumuponya pa mwala wa m'mbali mwa munda wa manachesi. Anthu amene anamunyamula anabweretsanso njingayo pa ngolo, ndipo ine, m'malo mokakhala pambali pa amayi, ndinaikokera m'shedi n'kuyamba kumasula mabawuti. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinatero chifukwa chomukonda kapena chifukwa choopa kumuona nkhope.

Chinali chaka cha 1951. Mu Hamamatsu aliyense amene anali ndi masipanala awiri ndi denga la malata ankapanga maponpon, tinjinga tamoto timene anthu anatipatsa dzinalo chifukwa cha kulira kwake. Ife a kwa Kageyama tinali okonza makina oluka nsalu kuyambira nthawi ya malemu bambo athu, koma mabomba atatentha mzinda makinawo anatsala owerengeka, ndiye nafenso tinalowa m'gulumo. Ine Sadao, wamkulu, ndinkajambula injini ndi kulamula, makamaka kulamula. Kinji ankakwera n'kukayesa kumsewu. Wosema pisitoni ndi kuiyenereza m'silinda anali a Tomekichi, mdala amene anagwira ntchito ndi bambo zaka makumi atatu, amenenso anandiphunzitsa kugwira tupa ndisanamere ndevu.

A Tomekichi ankadana ndi mpata pakati pa zitsulo. Akamaliza pisitoni ankaipaka oyilo, kuiika pakamwa pa silinda, n'kuisiya kuti itsike yokha. Ikatsika pang'onopang'ono ankagwedeza mutu. Ikangoti phofo pansi, ankaiponya mumphika wosungunuliramo zitsulo, olo titaigwirira ntchito masiku awiri.

Injini yathu inagwira katatu Kinji asanafe, ndipo katatu konseko anabwera akukankha njinga, mawondo atasupuka, akuseka.

"Achimwene, hatchi yanu yandiponyanso," anatero ulendo wachiwiri, akukhala pa chigubu cha oyilo. Kenako anatembenukira kwa mdalayo. "Madala, mwaiveka malaya othina iyi. Ikatentha imafufuma ngati amalume a ku Iwata akamwa mowa wa mpunga. Ipatseniko kampata ipume."

"Iwe umakwera ngati thumba la mbatata," anayankha a Tomekichi osadzutsa mutu. "Thumba likagwa, wolakwa ndi ine?"

"Thumba limeneli n'limene lidzakuikeni m'manda, madala. Muzilisamala."

Ine sindinkaseka nawo. Ndinali nditawerenga kuti aluminiyamu ya pisitoni imatupa ndi moto kuposa chitsulo cha silinda, ndipo ndinkanena zimenezi mokweza, monga amachitira munthu amene wawerenga buku limodzi. Mdalayo ankamvetsera, n'kuwonjezera mpata wochepa kuposa tsitsi, nkhope ili gwa ngati ndamupempha kuba. Ndinkapsa mtima, koma kumukakamiza sindinkatha. Munthu anakunyamulapo pamsana umamukalipira bwanji?

Tsiku la maliro a Tomekichi anabwera kudzafukiza lubani. Atagwada patsogolo pa chithunzi cha Kinji, amayi anayankhula motsitsa, koma nyumba yonse inamva.

"A Tomekichi, anawa anakuuzani katatu."

Mdalayo anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinagunda mphasa, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. M'mawa mwake anakulunga zida zake pansalu, anasesa pamalo pamene ankaima, n'kumapita. Sabata isanathe dera lonse linali litadziwa kuti mdala wouma mutu wapha mwana wa abwana ake. M'mashedi ena onse palibe anamuitana, ngakhale kuti manja ngati ake ankasowa. Ndinamva kuti akangolowa m'bafa la m'dera, mmene anthu ankasambira pamodzi, amuna ankatuluka m'madzi mmodzimmodzi.

Nanenso ndinkakhulupirira kuti wolakwa ndi a Tomekichi. Koma ndinkafuna umboni woti ndikauike patsogolo pawo, ndipo ndinkaufuna masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi asanakwane, chifukwa wansembe anati mpaka tsiku limenelo wakufa amakhala akuzungulirabe padenga la kwawo. Ndinkafuna Kinji anyamuke akudziwa kuti mkulu wake wapeza chimene chinamupha.

Ndinandandalika pa alumali mapisitoni anayi amene anagwira aja, yachinayi, ya tsiku la ngozi, kumapeto. M'bokosi la a Tomekichi munali mutatsala ena angapo. Ndinasankha yothina kuposa onse, yoti imatsika m'silinda ngati sikufuna, n'kumanga nayo injini, kuimangirira patebulo lachitsulo ndi kuiliza. Ndinkafuna igwire ndikuona ndi maso anga. Inalira kuyambira m'mawa mpaka masana. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinaifunditsa chiguduli kuti mphepo isaiziziritse, silinda inatentha mpaka malovu ankadumpha ndikalavulirapo, utsi unadzaza shedi, mayi wa pafupi nafe wogulitsa tofu, chakudya cha soya, anabwera kudzandiuza kuti makasitomala akuti tofu wake akununkha petulo. Masiku asanu ndi limodzi. Sinagwire.

Chimene chinkandivuta sichinali phokoso, koma nthawi imene ndazimitsa injini. Kukangoti zii, ndinkamva kamphepo kakuti fuuu, ngati tayala likuzungulirabe kwinakwake kumbuyo kwanga. Masana enieni, chitseko chili pululu, kunja ana akusewera. Ndikatembenuka ndinkangoona jekete ya Kinji pamsomali, zigongono zake zitapindikabe monga mmene mwini wake ankagwirira mahandulo. Kawiri konse ndinayankha kuti "Ee?" popanda wondiitana. Amayi ataona mmene ndinkawondera anati ndizipuma. Ndinkangoyatsanso injini kuti ndisamve chetecheteyo.

Kenako ndinayamba kuyang'anitsitsa mapisitoni a pa alumali aja, osati ndi mkwiyo, koma ndi maso. Pisitoni imene yagwira chifukwa chothina imakhala ndi zipsera zonyezimira pamalo ochepa, pamene yakhudza kwambiri. Izi zinali zokandikakandika mbali zonse, zotuwa ngati phulusa, ndipo ndikazinunkhiza sizinkamveka oyilo ngakhale pang'ono. Injini yathu inalibe malo akeake a oyilo. Tinkamusakaniza ndi petulo m'thanki, kuti petulo akamalowa azinyowetsa pisitoni. Ndinaganiza kuti mwina Kinji, pokhala wopupuluma, anaiwala kusakaniza. Ndinapita pa njinga imene anafera, imene ndinali nditaiphimba ndi lona. Kampopi ka petulo pansi pa thanki kanali kotseka, ndipo ndinati anthu onyamula aja ndi amene anatseka kuti asatayike panjira. Ndinatsegula, ndinatsanulira m'botolo, ndinapaka pachala. Oyilo analimo wokwana bwino.

Tsiku la makumi anayi chimwalirireni Kinji ndinachotsa injini ija patebulo, ndinaimanga pa njinga ina, n'kuuyamba ulendo wa ku Honzaka. Amayi sindinawauze. Pokwera phiri injini inkakoka mwamphamvu, ikulira ponponpon, fumbi ndi utsi zikutsalira kumbuyo. Ndinkadikira kuti igwire nthawi ina iliyonse, chifukwa nzeru zanga zonse zinkati injini imavutika pokwera, pamene ikusenza katundu. Ndinadutsa ngodya imodzi, yachiwiri, yachitatu.

Ndinaima pa mwala uja. Wina anali ataikapo maluwa m'kabotolo. M'munda wa manachesi munali mayi wachikulire, chitambaya kumutu, akudulira mitengo. Atandiona anaima, lumo lili m'manja.

"Mayo ine, ndimayesa wabweranso," anatero. "Mwafanana mapewa. Ndinu achimwene ake?"

Ndinavomera, ndipo ndinawafunsa ngati anaona zimene zinachitika.

"Kuona ndinaona, koma kumva sindinamve. Mwana ameneyo ankadutsa pano kawirikawiri. Pokwera tinkamumva akadali kumudzi kumunsi uko, agalu onse kuuwa, amuna anga kutukwana. Koma potsika, zii. Tinkangomva fuuu, ngati mphepo ya m'nsungwi, utsi ngakhale pang'ono ayi. Tinkati mwana waulemu, safuna kudzidzimutsa ng'ombe. Tsiku limenelo ndinangomva chitsulo chikulira kwiii, basi."

Kamphepo kamene anayerekeza pakamwa pawo kanali komwe kaja ka m'shedi. Koma tanthauzo lake sindinaligwire. Ndinawathokoza, anandipatsa manachesi awiri otsalira a chaka chatha, ofota, ndipo ndinakwera mpaka pamwamba. Injini inali yotentha kwambiri koma yamoyo. Ndinatembenuka n'kuyamba kutsika, mtima uli pa a Tomekichi, ndikudzifunsa chimene ndikawauze popeza pisitoni yawo yothinayo yakana kundichitira umboni.

Ndinali nditadutsa ngodya ziwiri pamene ndinazindikira kuti kuli chete. Ponponpon anali atatha. Kunali fuuu yekha, m'makutu mwanga, pansi panga, kumbuyo kwanga. Ndinayang'ana pansi. Dzanja langa lamanzere linali pansi pa thanki, zala zili pa kampopi, ndipo kampopiko kanali kotseka. Sindinakumbuke kuti ndatseka liti.

Kunkhondo ndinali woperekera makalata pa njinga yamoto. Petulo ankasowa, ndipo sajeni wathu ankaima m'munsi mwa chitunda ndi ndodo yansungwi. Akamva injini yako ikulira potsika, madzulo sunkatha kukhala pansi. Tonse tinaphunzira: ukafika pamwamba, tseka petulo, phiri likukokere lokha. Nkhondo itatha petulo anapitiriza kusowa, ndipo chizolowezicho tinabwera nacho kumudzi ngati nsabwe. Njinga za asilikali zija sizinkavulala nazo, chifukwa zinali ndi oyilo wakewake m'mimba.

Ndipo ndinakumbuka tsiku limene Kinji anakwera ponpon yathu yoyamba. Anatsika kachitunda ka kuseri kwa kachisi injini ikulira, iye akukuwa ndi chimwemwe. Atafika pamene ndinaima ndinamuwomba mbama pakhosi, munthu wa zaka makumi awiri ndi zinayi, pamaso pa anthu.

"Petuloyu umasaka ndiwe? Potsika uzitseka!"

"Pepani, a sajeni," anatero akundichitira sawatcha, akuseka. Kinji ankanyoza chilichonse chimene ndinkanena, koma ankachita chilichonse chimene ndinkanena.

Ukatseka petulo pa injini yathu, watsekanso oyilo. Tayala limapitiriza kuzungulitsa injini kudzera pa lamba, ndipo lambayo sitinkamumasula chifukwa mabuleki a njinga okha sakanatha phiri ngati limenelo. Ndiye pisitoni, itapsa kale ndi chikweza, inkathamanga m'silinda ili youma, mtunda wonsewo. Patebulo sikanagwira ngakhale ndikanailiza chaka, popeza patebulo palibe amene amatseka petulo.

Zonsezi zinandibwerera njinga ikutsikabe. Ndikanatha kutsegula kampopi kaja. Sindinatsegule. Ndinafinya mabuleki kuti liwiro lichepe, n'kudikira, chifukwa ndinkafuna kumva chimene iye anamva. Patangopita kanthawi chitsulo chinalira kwiii, tayala linauma, ndipo ndinapezeka ndili m'ngalande, tsaya lili m'matope. Palibe fupa linathyoka. Ndinamasula silinda pomwepo m'mbali mwa msewu. Pisitoni inali yokandika mbali zonse, yotuwa, youma, yofanana ndendende ndi zinayi za pa alumali. Ndinalira pamenepo monga sindinalirire pamaliro.

Mawa lake masana ndinapita kwa a Tomekichi. Akazi awo, mayi Ume, ndi amene anatsegula. Anandiyang'ana kaye, kenako anandilowetsa. Mdalayo anali atakhala pafupi ndi zenera, atawonda, khosi likusambira m'kolala. Zida zake zinali pakona, mfundo ya nsalu ija isanamasulidwe.

"Sada," anatero. "Wagwa."

Ndinagwada, ndinaika pisitoni yachinayi ndi yachisanu pamphasa, n'kuwauza zonse: tebulo, mayi wa manachesi, kampopi, sajeni, mbama. Sindinasiye kalikonse. Nditamaliza ndinaweramitsa mutu monga iwo anachitira kwathu.

Ndinamva akutola pisitoni. Anaiyendetsa chala chachikulu, anainunkhiza, anatola inayo.

"Youma," anatero. "Ndiye kuti dzanja langa silinalakwe."

Nditadzutsa mutu ndinaona akumwetulira. Ankayang'ana zikhato zawo ngati abwezeredwa chinthu chimene anataya. Koma kumwetulirako sikunachedwe.

"Amayi ako wawauza?"

"Ndikachoka pano ndikukawauza. Kenako ndipita shedi ndi shedi, mpaka kubafa komwe. Aliyense amve."

"Wina amene akudziwa ndani?"

"Palibe."

Anaika mapisitoni aja pansi, pafupi ndi bondo langa.

"Mayi ako anabereka atatu. Mmodzi anatsala kunkhondo m'nyanja ya kum'mwera, ngakhale fupa silinabwere. Wina pa Honzaka. Watsala iwe. Ukawauza zimenezi, azikhala ndi ndani m'nyumba muja? Azikuyang'ana bwanji m'mawa uliwonse?"

"Koma dzina lanu, madala."

"Dzina langa ndayenda nalo zaka makumi asanu ndi limodzi, latopa. Ine kudedwa ndi mayi ako ndikhoza kupirira, sindigona m'nyumba mwawo. Iwe pita ukakonze injini. Kampopi ako uike pamene dzanja silingafike munthu ali pampando. Aliyense wogula umuuze kuti petulo satseka njinga ikuyenda, anzako a m'mashedi uwauzenso. Akakufunsa za Kinji, uziti unawonjezera mpata."

"Sindingachite zimenezo."

"Uchita."

Kwathu munthu akakupatsa chinthu chachikulu umakana kawiri, kachitatu n'kulandira, ndipo onse awiri mumadziwa kuyambira pachiyambi kuti ulandira. Ndinakana kawiri. Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana nawo mpaka dzuwa kupendeka, koma bodza limodzi landikwana. Kachitatu ndinaweramitsa mutu n'kuthokoza, ndipo m'chifuwa mwanga munapepuka. Kupepuka kumeneko n'kumene sindinadzikhululukire.

Mayi Ume anali ataima pakhomo la chipinda ndi tiyi m'manja. Anali atamva zonse. Tiyiyo sanandipatse. Potuluka ndinawawerama, iwo anangoima njo, akundiyang'ana mpaka ndinamaliza kuvala nsapato.

Ndinasuntha kampopi, ndipo injini yathu sinagwirenso. Anthu ankati taonani, mdala uja atangochoka zinthu zayenda. Ndinkangokhala chete, ndipo chete wangayo ankamutenga ngati ulemu. A Tomekichi sanagwirenso tupa. Anamwalira patatha zaka ziwiri, m'nyengo ya mphepo yozizira, ndipo pamaliro pawo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Amayi sanapite. Anakhala zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'nyumba mwanga, akusewera ndi ana anga, ndipo anafa atandigwira dzanja.

Koma tsiku limene limandibwerera ndi lomwe lija limene ndinachoka kwa mdalayo. Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, mapisitoni awiri akulemera m'matumba a jekete. Amayi anali atagwada pafupi ndi mphika wa mpunga, mbale ziwiri zili patebulo.

"Unali kuti, Sadao?"

"Kwa a Tomekichi."

Anaika chipande pansi. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akudikira. Mawu onse anali okonzeka pakamwa panga, mwadongosolo lake, monga ndinawanenera masana.

"Anali ndi chonena?" anafunsa.

"Ayi, amayi."

"Usadzapondenso pakhomo pamenepo. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anatolanso chipande. Anadzaza mbale yanga mpaka pamwamba, anachotsa nsomba ya m'mbale mwawo n'kuiika pa mpunga wanga, akuti ndawonda kwambiri chifukwa chovutikira mng'ono wanga. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinadya zonse, iwo akundiyang'anira, mpaka kambewu komaliza.